Botolo Lolira M'bandakucha

Botolo loyamba linafika pa tebulo la Gilford Lolemba m'mawa, sabata yachiwiri ya Juni, litamangidwa kunsonga kwa chitenje. Mayi amene analibweretsa, wogulitsa tomato mumsika wa Chinsapo, anayamba wadikira kuti anthu onse atuluke m'kachipinda ka mafayilo. Kenaka anakankha chitseko ndi chidendene, n'kumasula mfundoyo pang'onopang'ono ngati m'katimo muli chinthu choluma.

Linali botolo loyera, lapulasitiki, la mtundu umene munthu aliyense wa m'tauni amauzindikira ngakhale atauonera patali, momwe mumakhala mankhwala otalikitsa moyo. Pepala lake la pamimba linali litamatulidwa bwinobwino. M'kati munalibe piritsi ngakhale limodzi. Munali timiyala titatu.

"Ndalipeza pakhomo panga," anatero mayiwo monong'ona. "Kusanache ndinamva chinthu chikulira panja ngati maseche, tseche, tseche, tseche, katatu. Kenaka zii. Potsegula chitseko ndalipeza litaima pakati penipeni, ngati waliika anachita kuyeza. Mwayi wake ndine ndimayamba kudzuka pa lendi pathu. A Gilford, mwamuuza ndani za ine?"

"Sindinauze munthu, mayi."

"Nanga lafika bwanji? Lili ndi miyendo?"

Gilford anali kalaliki wa mafayilo pa kachipatala kakang'ono ka m'deralo, mnyamata wofatsa amene satifiketi yake anaipezera kusukulu yausiku, masana akunyamula njerwa. Ntchito yake ankainyadira. Makiyi a shelefu ya mafayilo ankagona nawo m'thumba, ndipo pasiwedi ya kompyuta sanaiuzepo ngakhale mkazi wake. Koma chimene ankadziwika nacho kwambiri chinali mapu. Ku Chinsapo nyumba zilibe manambala oti mlendo n'kuwatsatira, choncho munthu akayamba kulandira mankhwala, Gilford ankamufunsa njira ya kwawo n'kumajambula: apa chigayo, apa kiyosiki ya madzi, apa ngalande, apa mtengo wa mapeyala, ndipo apa kamtanda kosonyeza khomo. Mapuwo ankakhala mufayilo. Munthu akadumphitsa tsiku lake lodzatenga mankhwala, Gilford ankakopera mapu ake pa kapepala kena, kopanda dzina, n'kupatsa mlangizi wa zaumoyo kuti akamuzonde mwakachetechete.

Mwa mapu onse amene anajambulapo, amodzi sankamuchoka m'mutu. Anali a Zulekha, mayi wachitsikana wa mimba ya miyezi isanu ndi iwiri, amene mwamuna wake anali ku Joni. Mwamunayo ankadziwa zonse, naye ankamwa mankhwala omwewo kumeneko. Koma Zulekha ankakhala ndi apongozi ake, mayi Sakina, ndipo iwowa sankadziwa kanthu. Anali atanenapo kale, akukamba za mkazi wa mwana wa anzawo, kuti munthu wotere mbale yake izikhala payokha mpaka abale ake adzamutenge. Mankhwala a Zulekha ndiwo ankateteza mwana wa m'mimbayo. Tsiku lake lodzatenga ena linali litadutsa ali kumaliro ku Mangochi, ndipo otsala m'chikwama mwake sakanafika kumapeto a mwezi.

Botolo lachiwiri linapezeka Lachitatu, pakhomo pa bambo wina wosoka nsapato. Iwowa analibe mwayi wa mayi wa tomato uja, chifukwa analiona koyamba ndi mkazi wa landilodi akusesa. Bambowo anafika kuchipatala maso ali psu, osati ndi ukali koma ndi kusowa tulo.

"Ndinalimva," anauza Gilford ndi Sisitala Elizabeth, namwino wamkulu wa pamalopo. "Agalu a kwa aneba sanauwe n'komwe. Ndinamva mapazi, osathamanga ayi, oyenda ngati munthu wodziwa kumene akupita. Anaima pakhomo. Ndinamva ngati akung'ung'udza mawu, koma sindinawagwire. Kenaka tseche, tseche, tseche. Ine ndinangofunda bulangete kumutu. Lero pa lendi ponse akundipatsa moni wa chisoni, ngati ndamwalira kale."

Lachisanu anapezeka awiri. Pofika Loweruka nkhani inali itadzaza m'maminibasi ndi pa makiyosiki a madzi. Ena ankati ndi mzimu wa namwino wina amene anafa ndi ngozi kalekale, akufunafuna odwala ake. Ena ankati ndi mfiti ikulemba anthu oti idzawatenge chaka chisanathe, ndipo timiyala titatuto ndi miyezi itatu. Anyamata a kabaza ankati zonsezo ndi zabodza, ndi kompyuta ya kuchipatala imene yaberedwa ndi akathyali a pa intaneti, ndipo maina onse ali pa foni ya munthu wina m'tauni. Panalinso amene ankalumbira kuti anaona chinthu chachitali chovala chijasi chikudutsa m'chifunga pafupi ndi mauvuni a njerwa, chopanda nkhope.

Sisitala Elizabeth sanali munthu wa zamizimu. Analamula kuti aliyense asinthe pasiwedi tsiku lomwelo. Anasinthitsa loko wa kachipinda ka mafayilo. Anaitanitsa katswiri wa makompyuta kuchokera m'tauni, amene anakhala tsiku lonse akufufuza kuti ndani analowa, nthawi yanji, n'kutsegula fayilo ya yani. Madzulo anatseka laputopu yake n'kupukusa mutu.

"Muno simunalowe mlendo, a Sisitala. Chilichonse chili bho. Ngati pali pobowoka, si pamakinawa."

"Ndiye ndi pa anthu," anatero Sisitala, akuyang'ana antchito ake mmodzimmodzi. Gilford anawayang'ananso mosaopa, chifukwa mumtima mwake ankadziwa kuti pakamwa pake sipanatuluke dzina la munthu.

Sabata yotsatira mabenchi anayamba kuoneka matabwa. Anthu amene kale ankalawirira kudzagwira mzere ankangodutsa pageti osacheuka. Lachiwiri masana Gilford anatenga foni ya pachipatala n'kuimbira Zulekha. Inaitana nthawi yaitali. Atayankha, mawu ake ankamveka ngati akuchokera pansi pa bulangete.

"Musandiimbirenso, chonde. Ndili kubafa, amayi ali pakhonde."

"Mankhwala atsala a masiku angati?"

"Asanu ndi limodzi."

"Bwerani mawa, mudzalowere kusikelo ya amayi oyembekezera. Palibe adzadziwe."

"Wa tomato uja ankati palibe adzadziwe. A Gilford, chinthucho chikutsata anthu a kwanuko. Ndikangopondako chindinunkhiza. Amayi amadzuka folo koloko kukonzekera swala, mapemphero a m'mawa, ndiwo amayamba kutsegula chitseko. Akalipeza botololo, ine ndipita kuti ndi mimba iyi? Bola ndingokhala."

"Nanga mwanayo?"

Gilford ankangomva madzi akudontha mundowa. Kenaka foni inaduka.

Tsiku limenelo Gilford anaweruka mochedwa. Pageti anapeza a Hamisi, mlonda wa usiku, atakhala pa kampando kawo akukoleza mbaula. Anali munthu wamkulu wa imvi, wakwawo ku Mangochi koma wokhalitsa m'Chinsapo kuyambira kuli minda. Chijasi chawo chankhondo chinkafika m'maondo.

"Kwazizira, a kalaliki," anatero. "Mwana ali bwanji?"

"Akukula, madala. Wayamba kuseka."

"Mulungu amusunge. Ana aakazi ndi okoma."

Kunyumba, ku Chinsapo 2, magetsi anali atazima. Mkazi wake Betty anali atayatsa kandulo, ndipo Gilford ananyamula Tracy, mwana wawo wa miyezi inayi, n'kumayenda naye uku ndi uku m'kachipindamo, kamutu kofunda kali pakhosi pake. Betty ankapinda matewera uku akumusimbira za pakiyosiki.

"Lero kwachitika zoseketsa, bambo a Tracy. Botolo lija lasokera. Lapezeka pa nyumba ya chitseko cha buluu ija, kuseri kwa chigayo chakale. Mmenemo mwangolowa kumene banja lina lochokera ku Dedza, anthu oti ngakhale panado sakumudziwa. Mkazi akuti ndi la mwamuna, mwamuna akuti ndi la mkazi, mapoto ali panja. Anthu akuti mzimu nawonso umakalamba, wayamba kuiwala njira."

Gilford anaima. Nyumba imeneyo ankaidziwa, ngakhale anali asanapondepo. Anali ataijambula. Munkakhala bambo wina amene anasamukira ku Mtandire mu Meyi, ndipo Gilford yemweyo ndiye analemba malo atsopanowo mukompyuta. Munthu wobera kompyuta akanapita ku Mtandire. Malo okhawo pamene chitseko cha buluu chinatsalira anali pa mapu akale a mufayilo, ndi pa kapepala kamodzi.

Anakumbukira Lachisanu lina kumayambiriro a mwezi. Magetsi kunalibe, kompyuta inali yozima, ndipo anakopera mapu a anthu asanu ndi anayi odumphitsa masiku kuchokera m'mafayilo, osatha kuona ngati wina anasamuka. Mapepalawo sanapite kulikonse, chifukwa mlangizi wa zaumoyo anathyoka mwendo pa ngozi ya kabaza Loweruka lake. Anakhala mudirowa masiku angapo. Lamulo linali loti mapepala otere aziwotchedwa m'ng'anjo ya kuseri, namwino akuona. Koma madzulo ena ozizira a Hamisi anasuzumira pawindo kupempha zoyatsira moto, ndipo Gilford anatola zonse za mudirowa n'kuwapatsa. Anadziuza kuti palibe dzina, ndiponso a Hamisi sadziwa kuwerenga. Malipiro awo omwe ankasainira ndi chala.

Koma chigayo chojambula sichifuna sukulu. Ngalande ndi ngalande, mzikiti ndi mzikiti.

"Mwatani? Mwanayo mumufinya," anatero Betty.

Gilford anamupereka mwanayo n'kukhala pansi. Anawerenga pa zala: wa tomato, wa nsapato, awiri a Lachisanu, chitseko cha buluu. Onse anali pa mapepala aja. Panatsala anayi, ndipo limodzi linali la Zulekha. Sanadziwe ngati a Hamisi anawataya, anawagulitsa kapena wina anawabera. A Hamisi analibe foni, ndipo njira ya kuchipatala, yodutsa kumauvuni, sinali yoyenda munthu yekha mdima utagwa. Anauza Betty kuti mawa alawirira kwambiri. Betty anamuyang'ana nkhope, sanafunse zambiri, anangomuikira jekete pa mpando.

Gilford anatuluka tambala woyamba atalira. Chifunga chinali chitakwera kuchokera kumtsinje n'kudzaza tinjira tonse, moti tochi ya foni inkangoonetsa utsi woyera ndi nsonga za nsapato zake. Pachipatala anapeza geti lokhoma. Kampando kanali pomwepo, mbaula ikadali yofunda, koma mwini wake panalibe. Mayi wokolopa, amene ankafika nthawi imeneyo, anayankha ali m'kati kuti madala amusiyira makiyi monga mwa masiku onse, apita kukapemphera.

Nyumba zinayi, mbali zinayi. Gilford sanaganize nthawi yaitali. Anatsetserekera kumunsi, akutsata mapu amene anali m'mutu mwake. Anadutsa kiyosiki ya madzi yotseka, ndowa zitandandalikidwa kale pamzere popanda eni ake. Anawoloka ngalande pa thabwa loterera. Anakhotera kumanzere pa shopu ya telala. Kunali zii, kupatula madzi a mame akudontha kuchokera pa malata, ndi mwana wina akutsokomola kuseri kwa khoma. Anazimitsa tochi kuti asadzutse anthu, n'kumayenda akupapasa mipanda ya maudzu yonyowa.

Ndipo anachimva. Chinali patsogolo pake, osati patali: mapazi olemera, osafulumira, ndipo pa phazi lililonse kaphokoso kakang'ono, tseche, tseche, ngati timiyala m'thumba. Ngakhale ankadziwa za mapepala, thupi lake linakumbukira nkhani zonse za m'minibasi. Anaima, nachonso chinaima. Anamva pepala likufunyululidwa. Kanthu kanawala pang'ono, machesi, n'kuzima. Mapazi aja anayambanso, n'kukhotera pa mtengo wa mapeyala, ndendende pamene Gilford anajambula kamuvi.

Pakhomo la mayi Sakina panaima chinthu chachitali chovala chijasi. Chinaweramitsa mutu, manja chitatambasula, chikunong'ona. Gilford anasendera mpaka anamva mawuwo. Linali pemphero. Kenaka dzanja linalowa m'thumba n'kutuluka ndi chinthu choyera, n'kuchikweza m'mwamba kuti chigwedezedwe.

Gilford anagwira dzanjalo ndi manja onse awiri.

"Madala," ananong'ona. "Ndine. Musagwedeze."

A Hamisi sanadzidzimuke kwambiri. Anamuyang'ana ngati munthu amene wapezedwa akugwira ntchito ya mnzake.

"A kalaliki. Mwabwera kudzathandiza?"

"Mukutani, madala? Mukudziwa chimene mukuchita?"

"Ndikuwakumbutsa," anayankha motsitsa. "Mlangizi uja, mayi wa njinga, wathyoka mwendo. Zaka zonsezi amandifunsa ine pageti, chigayo ichi ndi chiti, ngalande iyi ndi iti. Mapepalawa ndimawadziwa, ndi a anthu amene asiya kubwera. Munandipatsa kuti ndiwotche. Ndinayatsa machesi, koma dzanja linakana. Ndiwotche makomo a anthu? Ndiye ndimatola mabotolo otha m'thumba la zinyalala kuseri kwa chipatala. Ndimachotsa chipepala kuti pasaoneke dzina. Timiyalato n'toti mphepo isaulutse. Munthu akaliona adziwe kuti lake latha, abwere. Sindidziwa dzina la aliyense, sindifunsa, sindiuza munthu."

"Botololi limadziwika, madala. Aneba amaliona."

A Hamisi anati, "Malemu mwana wanga Fatu anasiya kumwa mankhwala ali ku Biwi. Miyezi isanu, ife osadziwa. Palibe anagogoda."

Gilford asanayankhe, m'nyumbamo munamveka kukhosomola, kenaka mpiringidzo wa chitseko ukukokedwa. Analanda botolo lija n'kulilowetsa m'kati mwa jekete, n'kulipanikiza ndi mkono pa nthiti. Timiyala tinagundana kamodzi, pang'ono, n'kukhala chete.

Chitseko chinatseguka. Mayi Sakina anatuluka atafunda mpango mpaka m'mapewa, nyali ya batire ili m'manja. Kuwala kunagwa pa chijasi, kenaka pa nkhope ya Gilford, kenaka pansi pakhomo, pamene anayang'anitsitsa nthawi yaitali. Nawonso nkhani za mabotolo anali atazimva.

"Ndani? Mukufuna chiyani pakhomo pa eni m'mawa uno?"

Gilford sakanatha ngakhale kuwerama kuti apereke ulemu. Akanangosuntha, nthiti zake zikanalira. Anaima chilili, mpweya atausunga, akumva botolo likuzizira pa malaya.

"Salaam aleikum, mayi," anatero a Hamisi, mawu awo ali phee. "Ndine Hamisi, timapemphera limodzi kumtundaku. Pepani kukudzidzimutsani. Ndachedwa panjira ndi chifungachi, ndipo kumzikiti madzi avuta sabata ino. Mungandigawireko pang'ono, ndisambe m'manja ndi kumapazi ndisanakaime pa swala?"

Mayi Sakina anakweza nyali, n'kuwazindikira. Mapewa awo anatsika.

"Aleikum salaam. Inu a Hamisi, mungaphe munthu ndi mantha! Masiku ano kukuyenda zinthu. Nanga uyu waima ngati mtengo wa magetsiyu?"

"Ndi mwana wanga, akundiperekeza. Maso anatha awa."

"Sayankhula?"

"Mwadzuka bwanji, amayi," anatero Gilford, khosi lokha likugwira ntchito.

"Ana a masiku ano, moni ngati akulipira," anadandaula mayiwo, n'kutembenukira m'nyumba. "Zulekha! Tabweretsa madzi m'jagi, kuli alendo."

Zulekha anatuluka akuyenda pang'onopang'ono, dzanja lina lili pa msana. Ataona Gilford, jagi inapendama, madzi n'kutayikira pa zala zake. Anayang'ana pansi pakhomo, panalibe kanthu. Anayang'ana mkono wa Gilford wopanikizidwa pa jekete. Anagwada movutikira n'kuyamba kuthirira a Hamisi, amene anasamba mosafulumira, dzanja lamanja, lamanzere, nkhope, mapazi, mwa dongosolo lake lonse, pamene kumtunda mawu oitanira anthu kumapemphero anayamba kumveka m'chifungamo. Atatha anathokoza, anadalitsa nyumbayo ndi mwana wosabadwayo, ndipo mayi Sakina anayankha kuti amina.

Gilford anadikira mpaka chitseko chitatsekedwa. Anachoka pamenepo akuyenda ngati wanyamula mazira, ndipo anatulutsa mpweya atafika pa shopu ya telala. Apo a Hamisi anapisa m'thumba n'kumupatsa mapepala onse asanu ndi anayi, opindidwa bwino, atamangidwa ndi kalabala.

"Ndawapweteka anthu?" anafunsa.

"Tawapweteka, madala. Woyamba ndine."

Seveni koloko isanakwane Gilford anali mu ofesi ya Sisitala Elizabeth. Anaika mapepala ndi botolo pa tebulo n'kufotokoza zonse, kuyambira Lachisanu la magetsi lija. Sisitala anamvetsera osamudula. Atatha anavula magalasi n'kutikita m'maso.

"Ine kusintha maloko, kuitana anthu a makompyuta, kukayikira aliyense, osadziwa kuti zinatulukira pawindo. Gilford, iwe amene umabisa pasiwedi ngati PIN ya ku banki?"

"Panalibe maina, a Sisitala. Ndinkaona ngati chinsinsi ndi dzina."

"Khomo la munthu ndi dzina lake. Tenga pepala, ulembe zonse monga wandiuziramu, usadzikometsere. Lipotili lipita ku ofesi yaikulu lero. Kalata yochenjeza uilandira, ndipo sindikulonjeza kuti zithera pomwepo. Kenaka anthu asanu ndi anayi awa tiwauza, mmodzimmodzi, payekha, chimene chinatuluka, amene anachiona, ndi chimene tachita. Banja la ku Dedza lija nalonso tikalipepese lisanathe. Ukayankhula ndiwe, ine ndidzangokhala pambali."

"Nanga a Hamisi?"

Sisitala anayang'ana pawindo. Madala aja anali atabwerako kumapemphero, ndipo m'malo mopita kwawo kukagona anakhala pa kampando kawo, chipewa chili m'manja, akudikira kuitanidwa.

"Ndiyankhula nawo. Njira za muno amazidziwa kuposa tonsefe. Mwina tsiku lina adzaperekeza mlangizi masana, anthu atavomera okha. Koma zimenezo si za lero."

Masiku otsatira anali olemera. Kuyambira pamenepo pepala lililonse lotuluka m'kachipinda ka mafayilo linkalembedwa m'buku, ndipo lotha ntchito linkapsa m'ng'anjo pamaso pa anthu awiri. Mayi wa tomato atamva nkhani yonse anaseka mpaka misozi, n'kunena kuti wawononga ndalama ya mchere wothira kuzungulira nyumba. Bambo wa nsapato sanaseke. Anamvetsera mpaka kumapeto, anatenga mankhwala ake, n'kupempha kalata yoti azikalandirira kwina. Anali atapeza kale nyumba ku Area 36. Gilford anailemba kalatayo, ndipo bamboyo anatuluka osatsanzika.

Zulekha sanabwere Lachitatu, ngakhale Lachinayi. Gilford sanamuimbire. Ankangodzutsa mutu chitseko chikalira, n'kumawerenga masiku mumtima: atsala anayi, atsala atatu.

Lachisanu masana, mabenchi atatha anthu, namwino wa kusikelo anasuzumira n'kunena kuti kuli mayi wina akufuna kuonana ndi a kalaliki. Zulekha analowa n'kukhala pa mpando asanauzidwe, akupuma mwamphamvu. Sisitala Elizabeth anabwera n'kutseka chitseko. Gilford anafotokoza zonse, osasiya kanthu, maso ali pa tebulo. Anamaliza ndi kupepesa.

"Ndiye mzimu wa namwino uja ndi inu?" anafunsa Zulekha.

"Ndine, mayi."

"Ndi agogo aja osamba mapazi mwaulemu aja?"

"Iwo anangotola chimene ine ndinataya."

Zulekha anapukusa mutu. Pakamwa pake panaoneka ngati pakufuna kuseka, koma maso anali onyowa.

"Amayi afunsa kawiri za inu. Akuti mwana wa a Hamisi uja ndi wolumala mkono? Ndawauza kuti mwina ndi chibadwa." Anapukuta m'maso ndi nsonga ya mpango. "Mukanachedwa pang'ono pokha, a Gilford, lero ndikanakhala m'basi ya ku Mangochi ndi chikwama pamiyendo. Mukudziwa zimenezo?"

"Ndikudziwa."

"Mapu anga mundipatse. Onse, ndi a mufayilo omwe."

Gilford anayang'ana Sisitala, ndipo Sisitala anagwedeza mutu movomera. Zulekha anawalandira, anawapinda kanayi n'kuwalowetsa m'kati mwa bulauzi.

"Kwathu kusadzabwerenso munthu, kaya wa njinga, kaya wa chijasi. Ndikadzachedwa, imbani foni, munene kuti ndinu telala, diresi latha kusokedwa. Amayi ndidzawauza ndekha, bambo ake a mwanayu akabwera mu Disembala, tili awiri. Osati kuuzidwa ndi botolo."

"Ndilembe zimenezo mufayilo?" anafunsa Gilford, cholembera chili m'mwamba.

"Za telala zokhazo. Zinazo ndi zanga."

Gilford analemba mzere umodzi, n'kumutembenuzira fayiloyo kuti awerenge. Zulekha anawerenga mpaka kumapeto, n'kuvomera. Sisitala anapita kukatenga mankhwala a miyezi itatu, ndipo Zulekha anawakhuthulira m'kathumba kansalu kamene anabwera nako, mabotolo n'kuwasiya pa tebulo. Poimirira anagwira m'mphepete mwa tebulolo n'kuima kaye, nkhope itakwinyika, dzanja lili pamimba.

"Muli bwino?" anafunsa Gilford, atadzuka kale pa mpando.

"Ndili bwino. Ndi uyu, akumenya." Anapuma, n'kumwetulira koyamba. "Musaganize kuti ndabwera chifukwa ndakukhululukirani. Ameneyu wandiponda usiku wonse mpaka ndavala nsapato."